Chitsime cha kwa Nampinga chimene analemba kuti kulibe

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, inu a kuno ku Milange ndi inunso a tsidya la Ruo amene munatisunga m'masiku a nkhondo, landirani moni wanga. Ndine Lusiyano, ntchito yanga ndi yokumba zitsime. Ndazengereza nthawi yaitali kulemba umboni uwu chifukwa nkhani yake imandigwetsabe nkhope, koma mkazi wanga, mayi a Rosa, akuti ndikapitiriza kukhala chete ndiye kuti ndikubisa zimene Mulungu anatichitira. Nkhani yake ndi iyi: ndinakumba chitsime, anthu n'kuyamba kumwa madzi ake, koma wofufuza ntchito analemba kuti chitsimecho kulibe. Bungwe linakana kundilipira, ndipo tauni yonse inandidziwa ngati wakuba.

Ine ndinawoloka Ruo ndili wamng'ono, ndikuthawa ndi makolo anga, ndipo ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo m'boma la Mulanje. Sukulu yochepa imene ndinaponda inali ya ku Malawi, choncho kuwerenga ndinaphunzira m'Chichewa. Chipwitikizi ndinkangodziwa cha moni ndi cha pamsika. Kumsasa komweko ndinaphunzira kukumba zitsime, kuumba mphete za simenti zotsitsira m'dzenje ndi kumanga mjigo pamwamba. Pa ntchito imeneyi ndinalibe mnzanga, ndipo ndinkadziwa zimenezo kuposa mmene zinafunikira.

Mtendere utabwera tinabwerera pa malole, aliyense ndi khasu lake ndi kathumba ka mbewu. Tinapeza nyumba zopanda madenga, mitengo itamera m'kati mwa masitolo, zitsime zakale zitakwiririka. Bungwe lina lothandiza anthu obwerera linalengeza kuti likufuna wokumba chitsime kwa Nampinga, mudzi wa cha kunjira ya ku Molumbo. Tinapikisana anthu awiri, ine ndi a Ernesto, bambo wachikulire wa ku Mocuba amene anali ndi lole yakutha ndipo ankalankhula Chipwitikizi ngati wailesi. Ntchito inagwera ine. Kuyambira tsiku limenelo ndikamadutsa panjinga pakhomo pa a Ernesto ndinkaliza belu, ngakhale pamsewu panalibe ndi nkhuku yomwe.

Tsiku losaina kontirakiti anandiikira patebulo mapepala ambiri, onse a m'Chipwitikizi. Ndinawatembenuza limodzilimodzi, nkhope nditaikwinya ngati munthu amene akusinkhasinkha zozama, pamene ndinangozindikira dzina langa ndi dzina la Nampinga basi. Mkulu wa ofesi atandifunsa ngati ndamva zonse, ndinayankha msangamsanga kuti, “Sim, shefi,” kutanthauza kuti inde, bwana. Ndikanavomera bwanji pamaso pa anthu kuti ine mwana wa Mozambique sinditha kuwerenga chilankhulo cha boma langa? Anzathu amene sanathawe nkhondo anali atayamba kale kutiseka ife obwerera, kumatitchula kuti Amalawi. Ndinasaina, iwo n'kumenya chidindo, ine n'kutuluka chifuwa chili patsogolo.

Tsono mumve za mudziwo. Anthu a kwa Nampinga atabwerera sanathe kukamanganso pamabwinja awo, tsidya la kamtsinje, chifukwa pamenepo panali mabomba okwirira. Mayi wina, a Esinati, anapita kukaona manda a amayi awo n'kusiya mwendo komweko. Zitatero mudzi wonse unamanga mbali ino ya kamtsinje, pafupi ndi msewu watsopano, ndipo dzina linasamuka nawo. Kwathu kuno dzina la mudzi limayenda ndi eni ake. Mukafunsa aliyense kuti kwa Nampinga n'kuti, amakulozerani kumene kuli utsi ndi ana, osati kumene kwatsala mitengo ya mango. Woyang'anira ntchito wa bungwe anabwera panjinga yamoto, anaona mmene zinalili, n'kundiuza kuti ndikumbe pomwe pali anthupo. Tinagwirana chanza pamaso pa mudzi wonse, ndipo kwa ine nkhani inathera pamenepo. Patapita nthawi pang'ono iye anasiya ntchito n'kupita kwawo kutali.

Tinakumba nthawi ya chilimwe, pamene madzi amakhala atathawira pansi kwenikweni. Anyamata amene ndinkagwira nawo ntchito anali anzanga a kumsasa, ndipo wamkulu wawo anali a Fakisoni, munthu amene tinafundapo bulangete limodzi m'masiku ovuta. Tinakumana ndi thanthwe limene linatidyera mapiki, koma tinaliboola. Amayi a m'mudzimo ankatuta mchenga ndi miyala pamutu osalipidwa kanthu. Tsiku limene mjigo unalavula madzi oyera, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ndalama zoyamba zimene bungwe linandipatsa zinali zitathera pa simenti ndi zitsulo, choncho ndinauza anzangawo kuti adikire malipiro omaliza, ndipo anavomera popanda kung'ung'udza.

Sindinadziwe kuti bungwe limatumiza munthu wofufuza ntchito lisanalipire komaliza. Munthuyo anachokera ku Quelimane, atanyamula mapu akale a nthawi ya Apwitikizi, ndipo pamapuwo Nampinga anali akadali tsidya la kamtsinje. Dalaivala wake, mlendonso kuno, anamutengera njira yakale mpaka pachipupa cha sitolo yogumuka. Anatsika, anayang'ana uku ndi uku, anaona udzu wautali ndi tchire lokhalokha, n'kulemba kuti palibe chitsime.

Atandiitana ku ofesi ndinavala malaya anga a ku tchalitchi, poganiza kuti ndikukalandira malipiro. Kalaliki anandifotokozera m'Chinyanja, mokweza mawu, anthu ali ndandanda pabenchi: pempho langa la malipiro lakanidwa, ndalama zoyamba zija ndiyenera kubweza, ndipo dzina langa lachotsedwa pa anthu amene angapatsidwenso ntchito. Ndinati chitsime chilipo, anthu akumwa. Iye anangotambasula manja n'kunena kuti wofufuza wapita yekha ndi maso ake, ndiye iye anganenenji. Anandipatsa kalata ya masamba awiri. Ndinaipinda n'kuilowetsa m'thumba, chifukwa ngakhale pamenepo sindinafune kuti a pabenchi aja aone kuti sinditha kuiwerenga.

Abale, umphawi ndinali nditauzolowera, koma manyazi amenewa anali achilendo. Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utamva kuti Lusiyano wadya ndalama za chitsime. Kwa Nampinga n'kutali, ndipo anthu a m'tauni analibe chifukwa chopalasira njinga tsiku lonse kuti akaone ngati ndikunena zoona. Mayi a Rosa akamagulitsa nyemba, amayi ena ankawafunsa mwachipongwe ngati madzi a chitsime cha amuna awo akukoma. Ku tchalitchi ndinali mmodzi wa otsogolera mapemphero a m'mawa, ndipo mkulu wa mpingo ananditengera pambali n'kundiuza mwaulemu kuti ndiyambe ndapumula kaye mpaka nkhani iyere. Ulemu wakewo unandipweteka kuposa kutukwana.

Chimene chinandithyola msana ndi anzanga ogwira nawo ntchito. Iwo ankadziwa kuti chitsime chilipo, poti anachikumba ndi manja awo, ndiye nkhani yakuti bungwe likuti kulibe inawamvekera ngati bodza la mwana. Anabwera n'kukhala pakhonde panga. Kenako a Fakisoni anati, “Achimwene, ngati munalandira n'kudya, tangonenani, tidzakhululuka. Koma musatiuze kuti azungu sakuona chitsime chimene ife tinatsikamo.” Ndinatulutsa kalata ija kuti ndiwaonetse, koma panalibe aliyense wa ife wotha kuiwerenga. Ananyamuka mmodzimmodzi osatsanzika.

Ndinasiya kupita ku tchalitchi. Ndikafuna kupita kwinakwake ndinkadzera njira zakuseri, m'minda ya chinangwa. Kuti ana asagone ndi njala ndinayamba ganyu yosenza matumba pamalire, pakati pa Milange ndi Muloza, chipewa nditachikokera kumaso. Mumtima ndinali nditayamba kukonza zowolokanso Ruo n'kukasowera ku Malawi, ulendo uno osathawa mfuti koma maso a anthu. Mayi a Rosa ankandichonderera kuti ndipeze munthu wodziwa Chipwitikizi ationere mapepalawo. Ndinkawakalipira kuti zimenezo n'zachabe, nkhani inatha kale. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kutsegula pakamwa n'kunena kuti ndinasaina chinthu chimene sindinachiwerenge.

M'mawa wina ndili kumunda ndinagwada pakati pa mizere. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinangoti, Ambuye, Inu mukudziwa kuti dzenje lija ndinakumba, ndipo mukudziwanso chimene ndikubisa. Ngati simundichotsera manyaziwa, ndibiseni kumene munthu wondidziwa sadzandiona. Ndinadzuka osamva chilichonse chachilendo, n'kupita kumalire monga mwa masiku onse.

Tsiku lomwelo ndinapatsidwa matumba a nyemba oti ndikweze pa lole ina. Nditafika nalo thumba loyamba ndinazindikira lole ija, ndipo mwini wake anali ataima pambali akupukuta manja. Anali a Ernesto. Ndinapempha Mulungu kuti andibise, Iye n'kundipereka m'manja mwa munthu amene ndinkamulizira belu. Ndinayesa kubisa nkhope kuseri kwa thumba, koma anandiitana mokweza monga amaitanira mmisiri, “Mesitiri Lusiyano!” Ndinaima thumba lili paphewa, kudikira kuti aseke.

Sanaseke. Anati masiku apitawo anadutsa njira ya ku Molumbo, lole inatentha injini, ndipo madzi amene anathiramo anatunga pamjigo wa kwa Nampinga. “Chitsime chimene akuti kulibecho ndi chimene chinandifikitsa kunyumba,” anatero. “Ntchito yabwino, ine sindikanaboola thanthwe lija. Nanga rekurusu munapanga?” Ndinawafunsa kuti rekurusu n'chiyani. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti ndi apilo, kudandaula kuti nkhani ionedwenso, ndipo zonse zalembedwa mu kontirakiti ndi m'kalata imene anandipatsa. Pamenepo ndinatsitsa thumba pansi. Ndinanena, pamaso pa osenza anzanga, kuti, “Bambo, ine Chipwitikizi sinditha kuwerenga. Ndinangosaina.”

Ndinkayembekeza kuti nthaka ing'ambika. A Ernesto anangogwedeza mutu n'kunena kuti iwo amatha kuwerenga bwinobwino, komabe chaka cham'mbuyo anawakanira malipiro a denga la sukulu, ndipo anataya zonse chifukwa anakhala kunyumba akufufuma ndi mkwiyo mpaka nthawi ya apilo inadutsa. Anasiya lole m'manja mwa wowathandiza, tinakwerana panjinga yanga mpaka kwathu. Mayi a Rosa atationa tikulowa limodzi anathamangira kukayala mphasa, misozi ili m'maso.

Anawerenga kontirakiti yonse mokweza, akumasulira ndime ndi ndime. Munali ndime yonena kuti munthu akakanidwa malipiro ali ndi ufulu wodandaula mwa kalata nthawi yoikika isanathe, ndipo akatero ntchito iyenera kuonedwanso mbali zonse ziwiri zilipo. Nthawi imeneyo inali itatsala pang'ono kwambiri kutha, ndipo kalata yondikanira ija ndinali nditayenda nayo m'thumba masabata onsewo. Munalinso ndime yoletsa kugwira ntchito pamalo amene sanachotsedwe mabomba, kutanthauza kuti pamabwinja paja sindikanaloledwa n'komwe kukumba. Ndinayamba kumwetulira, koma a Ernesto anakweza chala. Anawerenga ndime ina yonena kuti malo a ntchito akasintha, kusinthako kulembedwe ndipo mbali zonse zisaine. “Apa ndiye munagwa, mwana wanga,” anatero. “Chanza chija n'chabwino kumudzi, koma ku ofesi sachiona. Tisabise, tilembe momwemo kuti munalakwitsa.”

Sindinafune kuti zimenezo zilowe m'kalata. Ndinawapempha kuti tingonena za mabomba ndi za mapu akale. Iwo anakana, nati wofufuzayo si chitsiru, akadzaona kuti tabisa chimodzi adzakayikira zonse. Analemba kalata ya apilo, anandiwerengera kawiri mpaka ndinamva liwu lililonse, ndipo ulendo uno ndinasaina ndikudziwa chimene ndikusaina. M'mawa mwake ndinakaipereka ndekha ku ofesi, kwa kalaliki yemwe uja, anthu ali pabenchi pomwe paja.

Kudikira kunatalika, ndipo masiku ena chikhulupiriro chinkandithera. Koma Lamulungu lotsatira ndinabwerera ku tchalitchi n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mayi a Rosa ankasala kudya Lachisanu lililonse. Potsiriza uthenga unabwera kuti wofufuza yemwe uja akubweranso, ndipo ndikakhalepo. Ndinapita kwa a Fakisoni kukawapempha kuti abwere ndi anzathu aja. Anandiyankha ali chikhalire kuti aona.

Tsikulo wofufuzayo anati tiyambire pamalo pamene iye anaima poyamba. Anali munthu wowonda, wosalankhula zambiri, ndipo sanaoneke wankhanza monga ndinkamujambulira m'mutu. Anthu a kwa Nampinga anatitsatira, a Esinati ali patsogolo ndi ndodo zawo. Moto wa tchire unali utadutsa, udzu wautali uja utapsa, ndipo kuseri kwa chipupa cha sitolo kunaonekera mzere wa miyala yopakidwa utoto wofiira, chizindikiro cha ochotsa mabomba chakuti munthu asapitirire. A Esinati anamulozera ndi ndodo n'kunena kuti, “Bwana, kwathu kwakale n'kumeneko. Ine ndinapitako kamodzi.” Bamboyo anayang'ana miyalayo, anayang'ana pamene anaponda ulendo woyamba, n'kuvula chipewa.

Kenako tinawoloka kamtsinje kupita kuchitsime. Anayeza kuya kwake, anagogoda simenti, anapopa yekha mjigo mpaka madzi anamunyowetsa nsapato. Anafunsa amayi amene ankatunga kuti mudzi uno ndi wa ndani, ndipo onse anayankha pamodzi kuti ndi kwa Nampinga, akudabwa kuti munthu wamkulu angafunse zimenezo. A Esinati anatsuka chikho, anatunga madzi n'kumupatsa ndi manja awiri. Anamwa onse.

Atapukuta pakamwa anatembenukira kwa ine n'kufunsa, kudzera mwa a Ernesto amene anabwera kudzamasulira, chifukwa chimene sindinalembetse kusintha kwa malo monga kontirakiti imanenera. Nditakweza maso ndinaona a Fakisoni ndi anzathu aja ataima kumbuyo kwa gulu, njinga zili m'manja. Mtima unandiuza kuti ndikankhire mlandu kwa woyang'anira ntchito amene anachoka uja. Koma ndinayankha mokweza kuti aliyense amve: sindinalembetse chifukwa sindinadziwe, sindinadziwe chifukwa sindinawerenge, ndipo ndinachita manyazi kupempha kuti andiwerengere. Nkhope inanditentha ngati ndayandikira ng'anjo ya njerwa. Palibe amene anaseka, ndipo wofufuzayo anangolemba m'buku lake.

Yankho litabwera, chigamulo choyamba chinafafanizidwa. Analemba kuti chitsime chilipo, chinamangidwa bwino ndipo chikutumikira anthu amene chinayenera kutumikira. Zobweza ndalama zoyamba zinatha, dzina langa linabwezeretsedwa. Koma anadulako gawo lina la malipiro chifukwa cha kusintha kosalembedwa kuja, ndipo sindinatsutse, poti zinali zoona. Zimene ndinalandira zinakwanira kulipira anzanga onse, ine n'kutsala ndi zogulira matayala a njinga. A Fakisoni atalandira zawo sanaziike m'thumba msanga. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Achimwene, ndinakuyesani wakuba. Pepani.” Lamulungu lotsatira mkulu wa mpingo anandiitana kuti ndichoke kumbuyo kuja ndidzatsegule ndi pemphero.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa monga ndinapemphera. Ndinamupempha pobisala, Iye anandiimika poyera, ndipo poyera pomwepo ndi pamene anandipulumutsira. Ndikuthokoza mayi a Rosa amene anapirira chipongwe cha pamsika ndi ukali wanga wa kunyumba. Ndikuthokozanso a Ernesto, amene masiku ano timagwira ntchito limodzi, iwo mapepala ndi lole, ine dzenje. Amandiphunzitsa kuwerenga Chipwitikizi pang'onopang'ono, ndipo akafuna kundiseka amandifunsa kuti belu la njinga yanga linapita kuti.

Inu amene mwakanidwa chimene munachigwirira ntchito, musathamangire kukabisala monga ndinachitira ine. Pempherani, ndipo mukatha kupemphera tulutsani pepalalo m'thumba mukalionetse kwa munthu, ngakhale akhale amene simufuna kuti akuoneni mutagwa. Kawirikawiri khomo la apilo limakhalapo, koma silidikira munthu mpaka kalekale. Ine linatsala pang'ono kunditsekekera, osati chifukwa cha wofufuza kapena mapu ake, koma chifukwa cha mawu awiri amene ndinayankha mu ofesi muja.

Chaka chotsatira bungwe lomwelo linandiitananso kuti ndikakumbe chitsime cha ku Majaua. Mkulu wa ofesi anandiikira mapepala patebulo n'kundifunsa ngati ndamva zonse. Anthu anali pabenchi monga kale. Ndinakankhira mapepalawo kwa iye n'kunena kuti, “Ayi, shefi, sindinamve. Ndiwerengereni kuyambira pamwamba.”

Ambuye akusungeni nonse, ndipo mukadzadutsa njira ya ku Molumbo mudzaime kwa Nampinga mumweko madzi.